Labotale ya m'kabokosi: mmene makhololo ochokera ku Kande amayezedwera TB

Msodzi wa ku Kande, m'boma la Nkhata Bay, akatsokomola kwa masabata awiri, achipatala amafuna kudziwa msanga ngati ali ndi chifuwa chachikulu cha TB. Kale njira yodalirika inali kupaka makhololo pagalasi n'kuwaunika pa maikulosikopu. Vuto lake nlakuti tizilombo timaoneka pokhapokha tikachuluka, pafupifupi 5,000 mpaka 10,000 pa mililita imodzi. Odwala ambiri, makamaka ana ndi amene ali ndi HIV, ankaoneka ngati alibe matendawa.

Mu Disembala 2010 bungwe la WHO linavomereza njira ya Xpert MTB/RIF, yomwe imagwira ntchito m'makina a GeneXpert a kampani ya Cepheid. Mu 2017 linavomerezanso Xpert Ultra, yomwe imapeza tizilombo ngakhale titachepa kwambiri. Njirayi imadalira luso lotchedwa microfluidics, loyendetsa timadzi tochepa m'timipata tating'onoting'ono.

Wa mu labotale amasakaniza makhololo ndi mankhwala owasungunula, amadikira mphindi 15, kenaka amathira mamililita awiri m'kabokosi ka pulasitiki kokwana m'manja. Mkati mwake muli tizipinda tingapo. Makina amakankha madziwo kuchoka m'chipinda china kupita china: sefa imagwira tizilombo, timatsukidwa, kenaka timaphwanyidwa ndi kunjenjemera kwamphamvu kuti DNA ituluke. DNA ija imachulukitsidwa mpaka makina atha kuizindikira. Pasanathe maola awiri, zotsatira zimasonyeza ngati TB ilipo komanso ngati tizilomboto timamva mankhwala a rifampicin. Ntchito imene kale inkafuna labotale yaikulu ikuchitikira m'kabokosi kotseka, zomwe zimatetezanso woyeza.

Komabe makinawa sapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse. Amafuna magetsi osadukaduka ndi chipinda chosatentha kupitirira madigiri 30, ndipo timabokosito tiyenera kusungidwa posapitirira madigiri 28. M'mbali mwa nyanja, miyezi ya Okutobala ndi Novembala imatentha kuposa pamenepa. Nchifukwa chake makhololo a odwala ambiri a kumidzi amayamba ayenda ulendo, nthawi zambiri pa njinga yamoto ya bungwe la Riders for Health, kukafika komwe kuli makina.

Apa ndi pomwe nthawi imatayikira. Kuyeza kwa maola awiri kumasanduka kudikira kwa masiku angapo ngati makhololo achedwa kunyamulidwa kapena zotsatira zachedwa kubwerera, ndipo msodzi uja amakhala atabwerera panyanja akupatsirabe anzake a m'boti. Malovu okha m'malo mwa makhololo a m'chifuwa amachepetsanso mwayi wopeza tizilombo.

Choncho alangizi a zaumoyo ali ndi mbali yaikulu: kuphunzitsa wodwala kutulutsa makhololo enieni, kulemba dzina ndi nambala ya foni molondola, kusunga botolo pamalo ozizira, ndi kumulondola wodwalayo zotsatira zikangofika kuti ayambe mankhwala tsiku lomwelo.