Nzelu za Agogo Zilowe M'kalasi

Pamene tinali ana a sukulu, tinaphunzila za mavitamini m'buku lodzala ndi zithunzi za zipatso za ku Ulaya. Poweluka tinali kupita kwathu tikumung'unya malambe, osadziŵa kuti cipatso cimeneci cili ndi vitamini C woculuka kupambana lalanje. Motelo tinakula ndi maganizo akuti nzelu za umoyo zimacokela kutali, ndipo za kumudzi n'zamanyazi.

Komatu mankhwala ena a kucipatala anayambila kwa makolo a mitundu ina. Kwinini amacokela ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku Peru, limene ansembe a Cijezuwiti anafika nalo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600. Coartem, amene timalandila tikadwala malungo, gwelo lake ndi citsamba ca ku China. Mai Tu Youyou anapeza mphamvu yake ataŵelenga mabuku akale a asing'anga akwao, ndipo mu 2015 analandila mphoto ya Nobel.

Nanga ife kwathu kuno tilibe cotele? Amai amene amavika cinangwa cowawa m'madzi masiku angapo amacotsa poizoni amene angathe kupundula miyendo ya mwana. Wofutsa nkhwani amasungila banja ndiwo za m'cilimwe. Wothila nsinjilo m'phala amapatsa khanda cakudya comanga thupi. Imeneyi ndi sayansi, ngakhale kuti eni ake sanailembe.

Sitikunena kuti zonse zakale n'zabwino ai. Mwanamphepo, amene ena amamwetsa mai wapakati kuti acile msanga, angathe kung'amba cibelekelo. Lumo limodzi lotemela mphini anthu ambili lingathe kufalitsa kacilombo ka HIV. Mwana wotentha thupi afunika kupimidwa magazi tsiku lomwelo. N'cifukwa cake nzeluzi ziyenela kulowa m'kalasi, kuti zipetedwe poyela, mankhusu atayidwe, maso a cimanga atsale.

Tsono makolo anzathu, pa msonkhano wa PTA tipemphe aphunzitsi kuti aziitana agogo ndi anamwino tsiku limodzi: wina afotokoze mmene amacitila, winayo afotokoze cifukwa cake. Ana alembe maina a zomela m'Cinyanja ndi kubzala bondwe m'dimba la sukulu.

Mau a akulu akoma akagonela, koma nkhalamba ikapita ndi nzelu zake kumanda, sipadzakhala mau oti agonele. Tiwafunse akali moyo.