Kujambula Zithunzi Zophunzitsira

Pojambula nkhalango ya phiri la Ntchisi kapena zitunda za ku Dowa kuti tikaphunzitsire, tizikumbukira kuti chithunzi cha kamera ya digito nchopangidwa ndi timadontho tondandana ngati mikanda, totchedwa mapikiselo. Timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi tikwana 12 miliyoni. Timadonthoti tikachuluka, chithunzi chimaoneka bwino, koma chimalemera nkudzaza foni msanga. Chosindikiza pa pepala la A4 chifuna pafupifupi 9 miliyoni, pamene choonetsa pakhoma chifuna 2 miliyoni basi.

Zithunzi za malo tizisunge mu JPEG, imene imapeputsa potaya zina zovuta kuziona ndi maso. Mapu ndi malembo tisunge mu PNG, imene sitaya kanthu. Tsono tisanajambule, tiyambe tadzifunsa kuti ana akachionera pati chithunzicho.