Ndege Youwa Ngati Galu

Tiyerekeze kuti mwakwera ndege koyamba. Mwakhala pampando, mwamanga lamba. Injini zayamba kulira. Mwadzidzidzi mukumva phokoso pansi pa mapazi anu ngati galu akuuwa: huu! huu! huu! Kodi ndegeyi yawonongeka? Iyayi, musaope.

Phokosoli limamveka m'ndege zotchedwa Airbus A320. Ndegezi zidayamba kunyamula anthu m'chaka cha 1988.

Kodi mudaonapo jeke ya oyilo ikukweza lole? Munthu mmodzi amapopa, chilole chonse n'kunyamuka. Ndege nayonso imadalira oyilo wopanikizidwa m'mapaipi. Oyiloyu ndiye amagwiritsa mabuleki, amapinda mawilo ndege ikauluka, ndiponso amasuntha zigawo za mapiko. Mphamvu yake ndi yaikulu zedi. Mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono umakhala pafupifupi 30 pa geji. Oyilo wa m'ndegeyi amafika 3,000 pa muyeso womwewo.

Oyiloyu amayenda m'njira zitatu zosiyana, kuti ina ikafa zina zigwirebe ntchito. Njirazi adazitcha yagirini, yachikasu ndi yabuluu. Injini yakumanzere imapopa oyilo wa njira yagirini. Injini yakumanja imapopa wa njira yachikasu. Yabuluu ili ndi pampu yamagetsi.

Pakati pa njira yagirini ndi yachikasu pali makina otchedwa PTU. Ali pansi pa ndege, pafupi ndi mawilo akuluakulu. Mphamvu ya njira imodzi ikatsika ndi 500 poyerekeza ndi inzake, makinawa amadzuka okha. Amatenga mphamvu kumene yachuluka n'kukathandiza kumene yachepa. Koma oyilo wa njira ziwirizi sasakanikirana.

Tsono woyendetsa ndege sayatsa injini zonse nthawi imodzi. Amayamba ndi imodzi, kenaka inayo. Pamene injini yachiwiri ikuyaka, PTU imadziyesa yokha ngati ili bwino. Imayamba, mphamvu ikakwanira imaima, ikatsika imayambanso. Kuyamba ndi kuimaku ndiko kumamveka ngati kuuwa kwa galu. Mungamvenso phokosoli ndege itatera, woyendetsa akathimitsa injini imodzi.

Choncho mukadzamva kuuwaku, dziwani kuti makinawa akugwira ntchito yake. Mnzanu wapafupi akadzachita mantha, mudzamufotokozere.

Mafunso
1. Kodi oyilo amagwira ntchito zanji m'ndege?
2. Kodi PTU imadzuka nthawi iti?