AMISIRI OSAONEKA AMENE AMANYAMULA MAU ATHU PA LAMYA

Wolemba Mtolankhani Wathu, Chipata

Kale munthu wa kwa Mpezeni akafuna kudziwitsa mwana wake wa ku Migodi za maliro, anali kulawirira mbandakuca kupita ku positi ku Fort Jameson kukatumiza telegalamu, ndipo yankho linali kubwera mwambo wonse utatha. Lero mai wogulitsa nshawa pa msika wa Kapata angolankhula pa foni yake, ndipo mau ake afika ku Kitwe wogula asanatsirize kuwerenga ndalama.

Ambiri a ife timayamika foni imene iri m'manja mwathu. Koma foniyo ndi khomo cabe. Uthenga wa pa WhatsApp ukacoka m'foni umakwera pa nsanja ya MTN, Airtel kapena Zamtel, kenaka umapita ku makompyuta akuluakulu a kampaniyo, amene amaulandira, kuusunga ngati mwini wake wazima foni, ndi kuupereka akayatsa. Makompyuta amenewo amauzidwa zocita m'cinenero cochedwa Erlang. Nkhani yathu ya sabata ino ndi ya cinenero cimeneci ndi anthu amene amacisamala.

Cinenero cobadwira m'nyumba ya lamya

Kompyuta siimva Cinyanja kapena Cingerezi. Imamva malamulo olembedwa mwa dongosolo lapadera, ndipo madongosolo otere alipo ambiri monga momwe ziliri zinenero za anthu. Erlang inayambika m'caka ca 1986 ku kampani ya zalamya ya Ericsson m'dziko la Sweden. Amene anaiyamba ndi amuna atatu, a Joe Armstrong, a Robert Virding ndi a Mike Williams. Dzinali limakumbutsa a Agner Krarup Erlang, katswiri wa masamu wa ku Denmark, amene m'caka ca 1909 anafalitsa kafukufuku wa kuculuka kwa anthu oimba lamya pa nthawi imodzi.

Bvuto limene amuna atatuwa anafuna kuthetsa ndi lodziwika kwa aliyense amene anaimapo pa mzere ku cipatala. Anthu zikwi zambiri amafuna thandizo nthawi imodzi, ndipo nyumba ya lamya siingatseke citseko kuti ikonze makina, pakuti wina akuitana dokotala usiku womwewo.

Fanizo la cigayo

Erlang iri m'gulu la zinenero zimene akatswiri amazichula kuti functional. Kuti timve tanthauzo lake tiyeni tiganize za cigayo. Mukathira cimanga mumalandira ufa. Mukathiranso cimanga comweco mawa, ufa wake udzakhala womwewo. Cigayo sicipita kunyumba kwanu kukasuntha mbale kapena kutsegula khola. Pulogalamu yolembedwa m'cinenero cotere imamangidwa ndi tizigayo tambirimbiri, kalikonse kolandira cinthu ndi kubweza cinthu, ndipo mmisiri angathe kuyesa kalikonse pakokha.

Lamulo laciwiri ndi lakuti cimene calembedwa sicifufutidwa. Mlembi wabwino wa kalabu ya alimi safufuta nambala m'buku la ngongole. Amalemba mzere watsopano pansi pake, kotero kuti pakabuka mkangano onse angaone mmene zinayendera. Erlang imacita cimodzimodzi ndi manambala ake.

Lamulo lacitatu ndilo linapatsa Erlang mbiri. Nchito imagawidwa kwa anchito ang'onoang'ono zikwi ndi zikwi a m'kati mwa kompyuta. Aliyense ali ndi nkhokwe yakeyake, ndipo salowa m'nkhokwe ya mnzake. Akafuna kanthu amatuma mthenga. Pamwamba pao pali kapitao. Wanchito mmodzi akalakwitsa nagwa, kapitao amaimika wina m'malo mwake msangamsanga, anzake osadziwa nkomwe. Ndiponso amisiri angathe kusintha malamulo makina akuyenda, monga anthu ofolera denga latsopano eni nyumba ali m'kati akudya nsima.

M'caka ca 1998 a Ericsson anamasula cineneroci kuti aliyense acitenge kwaulere, aciwerenge ndi kucikonza. Kuyambira pamenepo cinakhala ngati citsime ca mudzi, cimene anthu a m'maiko ambiri amatungako ndi kuthandiza kuciyeretsa.

Anthu ocepa, katundu wamkulu

Mphamvu ya cida imaoneka pa nchito. M'caka ca 2012 a WhatsApp analengeza kuti kompyuta yao imodzi inatha kulumikizana ndi mafoni mamiliyoni 2 pa nthawi imodzi. Pamene kampani ya Facebook inalengeza mu February 2014 kuti ikugula WhatsApp pa mtengo wa madola mabiliyoni 19, anthu ogwiritsa nchito anali mamiliyoni 450, koma amisiri oyendetsa zonsezo anali 32 okha, ocepa kuposa ana a m'kalasi imodzi ya pulaimale. Pofika mu 2020 ogwiritsa nchito anakwana mabiliyoni 2.

Khasu losanola silimitsa

Mlimi aliyense adziwa kuti khasu, ngakhale likhale la citsulo cabwino, limafuna kunola ndi kulowetsa mpini watsopano. Momwemonso cinenero ca kompyuta. Erlang imabwera ndi nkhokwe ya mapulogalamu okonzeratu yochedwa OTP, kuti mmisiri asayambe cinthu ciriconse pa ciyambi, monga mlimi sapanga mbeu yakeyake caka ndi caka koma amatenga yoyesedwa kale ku Msekera. Kagulu ka amisiri a ku Ericsson, mothandizidwa ndi anthu odzipereka a kunja, kamatulutsa mtundu watsopano caka ndi caka. Wa nambala 24, wa mu May 2021, unabweretsa njira yofulumizitsa mapulogalamu popanda kugula makina ena. Wa nambala 27 unatuluka mu May 2024, ndipo wa 28 mu May 2025.

Palinso zida za amisiri eni ake. Cida ca Dialyzer, cimene cinacokera ku yunivesite ya Uppsala ku Sweden, cimawerenga pulogalamu isanayambe nchito ndi kuloza pamene pali colakwa, monga mlangizi wa zaulimi woona mbozi m'munda zisanafalikire. Mu 2022 a WhatsApp anapereka kwaulere cida cao cofufuzira zolakwa cochedwa eqWAlizer. Malo ochedwa Hex ali ngati msika waulere kumene amisiri amasiya mapulogalamu ao kuti ena atenge. A José Valim a ku Brazil anamanga cinenero cina, Elixir, pa maziko omwewo a Erlang, ndipo mu 2019 panakhazikitsidwa bungwe la Erlang Ecosystem Foundation loyang'anira nchito zothandiza onse. M'caka comweco a Armstrong anamwalira, koma nchito siinaime, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kufunika kwa kunola kumeneku kunaoneka mu April 2025. Ofufuza a ku yunivesite ya Ruhr ku Bochum, m'dziko la Germany, anapeza cibowo m'gawo lina la OTP cimene mbala ikanatha kulowerapo m'makina popanda mau acinsinsi. Osamala cineneroci anatulutsa cigamba cake, ndipo onse amene makina ao anali ndi gawo limenelo anacenjezedwa kuti aciike msanga. Amene amacedwa kutero amakhala ngati munthu wouzidwa kuti khola laboka koma iye nkupita kukagona.

Tsidya la Mwami

Erlang siinyamula mau a moni okha. Mukaoloka malire pa Mwami ndi kupitirira Mchinji mumafika pa cipatala ca St Gabriel's ku Namitete, m'dziko la Malawi. Kumeneko m'caka ca 2008 mnyamata wa pa yunivesite ya Stanford ku America, a Josh Nesbit, anapereka mafoni 100 kwa anthu odzipereka a zaumoyo a m'midzi kuti azitumiza mbiri ya odwala m'malo moyenda mitunda italiitali. Nchito imeneyi inabala bungwe la Medic Mobile, limene pambuyo pake linamanga zida zochedwa Community Health Toolkit, zogwiritsidwa nchito m'maiko monga Kenya, Uganda ndi Nepal.

Zida zimenezi zimasunga mbiri ya odwala m'nkhokwe yochedwa CouchDB, yolembedwa mu Erlang. Ubwino wake kwa anthu a kumidzi ngwakuti wa zaumoyo angathe kulemba za mai woyembekezera kumene kulibe netiweki, ndipo akafika pamene iri, zolembazo zimapita zokha ku likulu.

Zimene zikukhudza banja lanu

Pulogalamu imene iri m'foni mwanu inalembedwa m'zinenero zina, osati Erlang, koma lamulo la kunola ndi limodzi. Foni ikakupemphani kuti muike mtundu watsopano wa pulogalamu, musanyozere cifukwa ca mtengo wa mabandulo. Kawirikawiri m'menemo muli zigamba zotseka zibowo. Tengani pulogalamuyo ku malo obvomerezeka a foni yanu, osati kwa munthu wosadziwika.

Cenjeraninso pogula foni yakale pa msika. WhatsApp inaleka kugwira nchito pa mafoni a Nokia S40 kumapeto kwa 2018, ndipo mu October 2023 inasiya mafoni a Android yakale yosafika pa nambala 5. Musanapereke ndalama za thonje kapena za soya, uzani wogulitsa ayatse foniyo ndi kukuonetsani kuti pulogalamu imene mukufuna ikutseguka.

Mau otsiriza apite kwa makolo ndi aphunzitsi. Erlang, Elixir ndi zida zake zonse nzaulere, ndipo malangizo ake ali poyera pa intaneti. Mwana wa ku Chadiza, Katete kapena Lundazi wokonda masamu, atapeza kompyuta ya pa sukulu ndi mphunzitsi womulimbikitsa, angaphunzire pa zida zomwezo zimene amisiri a ku Sweden amagwiritsa nchito. Mu Lusaka muli malo a BongoHive, amene kuyambira mu 2011 amasonkhanitsa acinyamata okonda luso limeneli, ndipo University of Zambia imaphunzitsa za makompyuta. Osamala zida zimenezi amalandira thandizo kwa aliyense, ngakhale la kukonza mau olakwika m'buku la malangizo. Mpaka lero ife a Cigawo ca Kum'mawa takhala otunga cabe pa citsime cimeneci. Mukaona mwana wanu akulimbana ndi masamu madzulo ano, muonjezereni nyali.