Mapiri 42 m'maola 24, ndi anzako pambali

Ku Lake District, kumpoto kwa England, kuli liwiro la m'mapiri lotchedwa Bob Graham Round. Wothamanga amanyamuka pa Moot Hall, m'tauni ya Keswick, n'kuponda nsonga 42 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 106, ndipo ayenera kubwerera maola 24 asanakwane. Bob Graham anachita zimenezi mu 1932.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi gulu lothandiza wothamangayo. Pa chilichonse cha zigawo zisanu za ulendowu, anzake amathamanga naye. Amamunyamulira madzi ndi kamba, amamulondolera njira usiku ndi m'nkhungu, ndipo amachitira umboni kuti wapondadi pansonga iliyonse. Ena amadikira pamsewu ndi tiyi wotentha ndi masokosi ouma. Amene watsiriza amadzathandizanso ena, ndipo mwambo umenewu ndimaulemekeza kwambiri.