Antares: Nyenyezi Imene Imafufuma ndi Kuphwa

Ambiri a ife timaphunzitsa za nyenyezi masana, maso ali pa bolodi, ndipo ana amatuluka m'kalasi akuganiza kuti nyenyezi zonse ndi timiyuni tofanana. Komatu kuno ku Ntcheu, makamaka kumtunda monga ku Lizulu ndi ku Tsangano, thambo la m'nyengo yozizira limayera kotero kuti mwana angathe kudzionera yekha kusiyana kwake.

Kumapeto kwa Julayi, cha m'ma 8 koloko usiku, pafupi ndi paliwombo, chakumwera pang'ono, pamaoneka nyenyezi zondandalikana ngati chinkhanira chopinda mchira. Pamtima pake pali ina yofiirira, dzina lake Antares. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 550 kuti kutipeze. Kumene tikuona lero kunanyamuka Angoni asanalote n'komwe zofika m'dera lino. Kukula kwake n'koopsa. Ikadaikidwa pamalo a dzuwa, dziko lathu pamodzi ndi Mars zikadakhala m'mimba mwake. Tsono kufiirako kusatinyenge, pakuti pamwamba pake pamatentha madigiri pafupifupi 3,400 pamene dzuwa limafika 5,500. Wosula makasu amadziwa kuti chitsulo chofiira sichinafike pa chitsulo choyera.

Nyenyeziyi siwala mofanana nthawi zonse, chifukwa imafufuma ndi kuphwa. Kutentha kochokera m'kati kukatsekerezedwa, mpweya wa pamwamba umakankhidwira kunja. Ukazizirako umagwanso, ndipo ntchito imayambiranso. Chivundikiro cha mphika wa nyemba zobwadamuka chimaonetsa bwino zimenezi, ndipo mwana aliyense anachionapo. Kusintha kumeneku kumatenga miyezi kapena zaka, kopanda ndondomeko yeniyeni. Apa mphunzitsi achenjere, chifukwa ana adzathamangira kunena kuti kuphethira kwa nyenyezi ndiko kufufumako. Iyayi. Kuphethira kumachitika ndi mpweya wa dziko lathu lomwe lino.

Antares ili ndi inzake yaing'ono, yobiriwira moyererako ndi yotentha koposa, ndipo ziwirizi zimazungulirana. Maso okha sangaione. Johann Bürg anaiona ku Vienna mu 1819 pamene mwezi unaphimba yaikuluyo, yaing'ono n'kuyamba kutulukira.

Ana a Sitandade 7 apatsidwe kope lapadera. Kamodzi pa mlungu, ali kwawo, aziyerekeza Antares ndi Spica, imene imakhala chakumadzulo, nalemba tsiku ndi imene yawala koposa. Mwina chaka chonse sadzaona kusintha, ndipo nazonso alembe momwemo. Kopelo lisungidwe pasukulu kuti a chaka chamawa adzapitirize.