Venice, Mzinda Umene Galimoto Imagona Panja

Woyendetsa galimoto amene akupita ku Venice, kumpoto chakum'mawa kwa Italy, amamva kukoma kwa msewu pa mphindi zisanu zomaliza. Phula limachoka kumtunda n'kulowa pamlatho wowongoka ngati chingwe, wautali makilomita pafupifupi 4, madzi uku ndi uku, sitima ikudutsa pambali panjanji yake. Kutsogolo kumaoneka nsanja za matchalitchi. Kenako msewu umangothera pabwalo lotchedwa Piazzale Roma, ndipo palibenso kokhotera. Mabasi amatsitsa anthu n'kutembenuka. Wagalimoto amasaka poimika, n'kuzimitsa injini, ndipo kuyambira pamenepo amayenda wapansi kapena pamadzi, kaya ndi nduna kaya ndi wophika kulesitilanti.

Chifukwa chake n'chosabisika. Mzinda wakalewu unamangidwa pazilumba 118 za m'nyanja yosaya, pamitengo imene anaikhomerera m'matope. Zilumbazo zimalekanitsidwa ndi ngalande pafupifupi 150 ndipo zimalumikizidwa ndi milatho yoposa 400, yambiri mwa iyo ya masitepe okwera ndi otsika kuti maboti azidutsa pansi. Tinjira tina n'topapatiza moti anthu awiri onenepa amapatsana mpata. Njinga yamoto siloledwa, ngakhalenso yakapalasa ndi yoletsedwa.

Kwa zaka mazanamazana munthu ankafika ku Venice pamadzi basi. Mlatho wa njanji unatsegulidwa mu 1846, nthawi imene mzindawu unali m'manja mwa Austria. Wa magalimoto unabwera pa 25 Epulo 1933, mu ulamuliro wa Benito Mussolini, ndipo nkhondo yachiwiri itatha anaupatsa dzina limene uli nalo lero, Ponte della Libertà. Injiniya wake, Eugenio Miozzi, anadziwa kuti kubweretsa magalimoto pakhomo la mzinda wopanda misewu n'kudzipalira nkhani ina, choncho kumapeto kwa mlathowo anamangako galaja yaikulu yansanjika, Autorimessa Comunale. Galaja imeneyi ikugwirabe ntchito, ndipo imalowa magalimoto oposa 2,000.

Inadzaza msanga. M'zaka za m'ma 1960 anachita kumanga chilumba chatsopano pafupi, chotchedwa Tronchetto, chimene ntchito yake yaikulu ndi kusunga magalimoto. Mizinda ina imagwetsa nyumba zakale kuti ipeze malo oimikapo magalimoto. Venice inakwirira nyanja. Pa Tronchetto pamakwana magalimoto pafupifupi 4,000, ndipo mabasi a alendo nawonso amaima pomwepo atalipira msonkho wawo wolowera. Kuyambira mu 2010 pali kasitima kopanda dalaivala, kokokedwa ndi chingwe pamwamba pa zipilala, kamene kamatenga anthu kuchoka pachilumbachi kukawasiya ku Piazzale Roma m'mphindi zochepa.

Mtengo ndiwo umaluma. Kusiya galimoto ku Piazzale Roma kwa maola 24 kumadya ndalama zoposa €30, ndipo pamasiku a tchuthi wosasungitsiratu malo pa intaneti amaima pamzere womwe nthawi zina umabwerera mpaka pamlatho. Ku Tronchetto n'kotsikirako pang'ono. Odziwa zinthu sawoloka n'komwe mlathowo ndi galimoto: amaisiya ku Mestre, tauni ya kumtunda imene ili pansi pa khonsolo yomweyo, n'kukwera sitima ya mphindi pafupifupi 10 pamtengo wosafika €2, kukatsikira pa siteshoni ya Santa Lucia. Akatuluka pakhomo la siteshoni, ngalande yaikulu ya mzindawu, Canal Grande, imakhala ili pamaso pawo. Alipo eni mzinda amene ali ndi galimoto, koma kupeza malo okhazikika m'galaja ya khonsolo n'kodikira nthawi yaitali, ndipo galimotoyo amaiona akafuna kupita kumtunda. Amene sangathe kulekana ndi chiwongolero amakwezetsa galimoto pa pantoni ku Tronchetto kupita ku Lido, chilumba chachitali cha mchenga chimene chili ndi misewu ndi mabasi ngati kwina kulikonse.

Munthu angaganize kuti mzinda wopanda galimoto ndi mzinda wopanda kuthithikana. Ayi ndithu. Kuthithikanako kunangosamukira pamadzi ndi m'tinjira.

Pamadzi, mfumu yake ndi vaporetto, boti lalikulu la injini limene limagwira ntchito ya basi. Loyamba linalowa mu Canal Grande mu 1881, ndipo opalasa magondola anakwiya mpaka kunyanyala ntchito. Lero mavaporetto amayendetsedwa ndi kampani ya ACTV, ali ndi manambala a njira zawo, malo okwerera oyandama, ndi wogwira chingwe amene amakocheza boti n'kutsegula chitseko. Nthawi yam'mawa amadzaza ngati minibasi ya ku Ndirande pa ola loweruka, kungoti kuno palibe woitanira. Mlendo amalipira €9.50 pa tikiti ya mphindi 75, pamene mwini mzinda wokhala ndi khadi lake amalipira €1.50. Kusiyana kumeneku kumadabwitsa alendo, ena amang'ung'udza, koma n'kwanzeru: mayi wopita kuchipatala kapena mwana wasukulu alibe njira ina, pamene mlendo wakwera kuti ajambule nyumba za m'mbali mwa ngalande. Pamalo ena okwerera anachita kupatula khomo la eni mzinda, chifukwa ankatsala pagombe boti litadzaza ndi masutikesi.

Gondola, imene imaoneka pazithunzi zonse za Venice, inasiya kalekale kukhala njira yopitira kuntchito. Zatsala pafupifupi 400, ndipo ulendo wa theka la ola masana ndi €90. Komabe pali kachinsinsi kamene alendo ambiri amakadutsa. Canal Grande ndi yaitali makilomita pafupifupi 4 koma ili ndi milatho inayi yokha: Rialto, umene unatha kumangidwa mu 1591, Accademia, Scalzi ndi Costituzione. Pakati pa milathoyi, m'malo angapo, gondola yaikulu yopalasidwa ndi anthu awiri imawolotsa anthu tsidya ili ndi tsidya lina pa €2 yokha kwa mlendo. Amaitcha traghetto. Eni mzinda akale amawoloka ataimirira, thumba la nsomba za kumsika wa Rialto lili m'manja.

M'ngalande yomweyo mumadutsanso china chilichonse chimene kwina chimayenda pamatayala. Ambulansi ndi boti. Ozimitsa moto, apolisi, otola zinyalala, obweretsa simenti, mowa ndi zofunda zochapidwa za m'mahotela, onse ali pamadzi. Maliro amapita pa boti kumanda a pachilumba cha San Michele. Katundu akafika pagombe amasenzetsedwa pangolo yamanja, ndipo wokankha amaikweza sitepe ndi sitepe pamlatho uliwonse, n'chifukwa chake botolo la madzi limakwera mtengo likangolowa mumzindamu. Maboti akachuluka chonchi ngozi siilephera. Mu Ogasiti 2013 mlendo wa ku Germany anamwalira pafupi ndi mlatho wa Rialto pamene vaporetto inapanikiza gondola imene anakwera ndi banja lake. Palinso vuto losaoneka msanga: mafunde a maboti a injini amamenya maziko a nyumba usana ndi usiku, n'kumakokolola dothi ndi njerwa. Malire a liwiro alipo, koma mataxi a pamadzi, amene amalipiritsa ndalama zambiri, amadziwika ndi kufulumira.

Zimphona zenizeni zinali sitima za alendo, zazitali kuposa nyumba za mumzindawu, zimene zinkadutsa pamaso pa bwalo la San Marco kupita kudoko. Mu Juni 2019 sitima ya MSC Opera inalephera kuima n'kuwomba gombe ndi boti lina la alendo mu ngalande ya Giudecca. Boma la Italy linaletsa sitima zoposa matani 25,000 kudutsa njira imeneyo kuyambira pa 1 Ogasiti 2021, UNESCO itatsala pang'ono kuika Venice pamndandanda wa malo a mbiri amene ali pachiwopsezo.

Koma gawo lalikulu la ulendo ndi la miyendo, ndipo apa ndi pamene mlendo amasochera. Manambala a nyumba satsata msewu. Mzindawu unagawidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi, ndipo chigawo chilichonse chimawerenga nyumba zake kuyambira pa 1 mpaka masauzande, moti ku Castello manambala amapitirira 6,000. Kukhala ndi adiresi m'thumba sikutanthauza kuti mufika. Foni nayo imasokonezeka pakati pa makoma ataliatali, ndipo kanjira kooneka kolunjika kamatha kuthera pamadzi. Chimene chimapulumutsa ambiri ndi zikwangwani zachikasu za pamakona, zolozera ku Rialto, ku San Marco, ku siteshoni ndi ku Piazzale Roma. Vuto lake n'lakuti aliyense amatsata zikwangwani zomwezo, choncho anthu masauzande amapanikizana m'njira ziwiri kapena zitatu, pamene kuseri kwa nyumba imodzi kuli bwalo la phee, ana akusewera mpira. Pa nthawi ya chikondwerero cha Carnevale apolisi amasandutsa tinjira tina kukhala topita mbali imodzi, monga amachitira ndi magalimoto m'mizinda ina.

Wokalamba, wokankha mwana pachikuku ndi woyenda panjinga ya olumala amaona zokhoma ndi masitepewo. Ngakhale mlatho watsopano wa Costituzione, wa mu 2008, umene anaukonza katswiri wotchuka Santiago Calatrava kuti ulumikize Piazzale Roma ndi siteshoni, uli ndi masitepe, ndipo ambiri anali agalasi, oterera kukagwa mvula. Anthu anagwa pamenepo mpaka khonsolo inaganiza zochotsa galasilo n'kuikapo mwala.

Madzi akasefukira, makamaka mu Novembala ndi Disembala, antchito amayala matabwa okwera m'njira zikuluzikulu, ndipo mavaporetto ena amasintha njira chifukwa sangakwane pansi pa milatho. Usiku wa pa 12 Novembala 2019 madzi anafika masentimita 187, kuchepera pang'ono pa 194 a mu 1966. Kuyambira pa 3 Okutobala 2020, zitseko 78 zachitsulo zotchinga madzi, zotchedwa MOSE, zimadzuka pansi pa nyanja kutseka makomo atatu olowera madzi, ndipo kusefukira kwakukulu kwachepa.

Chotsalira ndi kuchuluka kwa alendo pamene eni mzinda akuchepa. Mu 1951 mumzinda wakalewu munkakhala anthu pafupifupi 175,000. Mu Ogasiti 2022 chiwerengero chinatsika kufika pansi pa 50,000, ndipo chaka chotsatira mabedi a alendo anaposa eni mzinda. Pawindo la sitolo ina ya mankhwala pafupi ndi Rialto pali chikwangwani chamagetsi chosonyeza anthu amene atsala. Ambiri anasamukira ku Mestre, kumene nyumba n'zotsika mtengo ndipo galimoto imagona pakhomo.

Khonsolo yayesa njira zingapo. Mu 2018 inaika zipata zowongolera anthu pafupi ndi Piazzale Roma ndi siteshoni, koma ochita zionetsero anazula chimodzi ponena kuti mzinda wawo si malo a zisangalalo olowera pageti. Mu 2020 inatsegula chipinda cha makompyuta ku Tronchetto, chilumba cha magalimoto chija, chimene chimawerenga anthu pogwiritsa ntchito makamera ndi mafoni awo. Kuyambira mu Ogasiti 2024 gulu la alendo loyenda ndi wolondolera silipitirira anthu 25, ndipo zokuzira mawu n'zoletsedwa.

Chachikulu chinayamba pa 25 Epulo 2024, mu ulamuliro wa meya Luigi Brugnaro: mlendo wongobwera n'kubwerera tsiku lomwelo amalipira €5 pamasiku osankhidwa, pakati pa 8:30 m'mawa ndi 4 koloko madzulo, n'kusonyeza chizindikiro cha QR pafoni akafunsidwa. Ogona m'mahotela a mumzindamu, ogwira ntchito, ophunzira, ana osafika zaka 14 ndi anthu a m'chigawo cha Veneto salipira. Wozemba amalipira chindapusa cha pakati pa €50 ndi €300. Chaka choyambacho panali masiku 29, ndipo khonsolo inatolera ndalama zoposa €2 miliyoni. Otsutsa anati ndalamazo zikungosonyeza kuti anthu sanachepe, ndipo m'pomveka: amene walipira kale €30 yoimika galimoto ndi €9.50 ya boti sabwerera chifukwa cha €5. Mu 2025 masikuwo anawonjezedwa kufika 54, ndipo wolembetsa mochedwa ankalipira €10. Malire a chiwerengero cha anthu olowa patsiku, amene magulu ena a eni mzinda akhala akupempha, sanaikidwe m'zaka ziwiri zonsezo.